Kamsomali ndi Ndege Yopanda Mchira

Adokotala a mano anamulakwira Kamsomali. Anamulakwira Loweruka loyamba la tchuthi, chaka chatha. Anamulakwira masana, anthu akuona. Nkhani yake inayenda chonchi.

Kamsomali anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Anali wamtali. Anali wowonda ngati msomali. N'chifukwa chake ankamutcha Kamsomali.

Ankakhala ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna. Amayi ankasoka matumba kufakitale. Ankabwera kunyumba atatopa. Agogo ankakonza mawailesi. Koma anthu anasiya kubweretsa mawailesi. Wailesi ikafa, ankangoitaya. Agogo nawonso anali otopa. Mawondo ankawapweteka. Maso awo ankaona mbuu.

Kamsomali ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuulutsa ndege yopanga yekha.

Pansi pa bedi la Agogo panali bokosi. M'bokosimo munali kainjini kakang'ono ngati chibakera cha mwana. Munali rimoti yakale, yolemera ngati njerwa. Rimotiyo inali ndi timitengo tiwiri toyendetsera ndege. Inali ndi eliyo yaitali. Munalinso pepala lalikulu lachikasu. Papepalapo panali chithunzi cha ndege.

"Agogo, mchira wake uli kuti?" anafunsa Kamsomali.

"Ilibe mchira."

"Nanga mapiko?"

"Phiko n'limodzi. Ndege yonseyi ndi phiko. Werenga ngodya zake."

"Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Ikuoneka ngati mutu wa muvi. Iuluka imeneyi?"

"Inkauluka amayi ako asanabadwe," anatero Agogo. "Koma ine ndatopa. Maso anatha. Ukaifuna, panga wekha. Ine ndizingolankhula."

"Kulankhula ndiye mumatha, Agogo."

"Iwe, tenga mpeniwo. Pakamwa ngati wailesi yopanda chozimitsira."

Kamsomali anadula matabwa opepuka. Anadula nthiti za phiko. Nthiti yaitali inakhala pakati. Nthiti zazifupi zinakhala kumapeto. Anamata ndi guluu. Anadikira kuti aume. Anapala ndi sandipepala. Anamatanso. Anadikiranso.

Guluu anali ku zala. Guluu anali m'tsitsi. Guluu anali patebulo.

Amayi analowa, n'kuima pakhomo.

"Tebulo langa lasanduka bwalo la ndege? Tidyera pati?"

"Pamiyendo," anatero Agogo.

"Ababa, mwanayu mukumuwononga ndinu."

"Ine ndikungolankhula."

Kumbuyo kwa phiko Kamsomali anaika tizitseko tiwiri. Tizitsekoto tinkamvera rimoti. Tonse tikakwera, ndege imakwera. Tonse tikatsika, ndege imatsika. Kena kakakwera, kena n'kutsika, ndege imakhota.

Kutsogolo anaika kainjini. Pakainjinipo anaika chikupizo, choti chizipalasa mphepo. Kenako anakuta ndege yonse ndi pepala lapulasitiki lofiira.

"Tsopano inyamule ndi zala ziwiri," anatero Agogo. "Apa ndi apa."

Kamsomali anainyamula. Ndege inagwera kumbuyo.

"Mphuno yapepuka. Sunthira batire kutsogolo."

Anasuntha. Ndege inagwera kutsogolo.

"Wanyanya. Bweza pang'ono."

Anabweza pang'ono. Ndege inakhala phee pa zala ziwiri.

"Basi," anatero Agogo. "Ndege yopanda mchira ikafika apa, yatheka."

Ntchitoyo inatenga masabata asanu ndi limodzi.

Kuseri kwa fakitale kunali bwalo. Udzu wake unali wotchetcha bwino. Linali ndi mpanda wa waya. Loweruka lililonse kunkabwera gulu la anthu oulutsa ndege. Ambiri ankabwera pa magalimoto. Agogo ndi Kamsomali ankabwera wapansi.

Pagulupo panali Atelala. Atelala anali ndi ndege yoyenda pang'onopang'ono. Ankakonda kumubwereka Kamsomali rimoti yawo. Ndiwo anamuphunzitsa kuulutsa.

Panalinso Adokotala a mano. Iwo ndiwo anali apampando a gulu. Ndege yawo inali yoyera. Inali yaikulu. Inali yogula kusitolo. Mchira wake unali wautali.

Pachipata cha bwalo panali bolodi. Pabolodipo panali zopanira zovala. Chopanira chilichonse chinali ndi nambala. Rimoti iliyonse inalinso ndi nambala yake.

Lamulo linali limodzi. Tenga chopanira cha nambala yako. Chiike pa eliyo ya rimoti yako. Ukatero, yatsa rimoti. Ngati ulibe chopanira, usayatse.

"Chifukwa chiyani, Agogo?"

"Marimoti awiri a nambala imodzi akalankhula pamodzi, ndege imasokonezeka. Uyu akuti kwera. Uyo akuti tsika. Imvera ndani? Imagwa."

"Yathu ndi nambala chiyani?"

"Seveni."

"Alipo wina wa seveni?"

"Adokotala," anatero Agogo, n'kutsonya.

Loweruka lija linafika. Adokotala anali asanabwere. Kamsomali anapita pabolodi. Anatenga chopanira nambala seveni. Anachiika pa eliyo. Atatero, anayatsa rimoti.

Agogo anathira mafuta mu kainjini. Anapukusa chikupizo ndi kamtengo. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kainjini kanatsokomola. Kachinayi kanalira, ng'weee.

Atelala ananyamula ndege pamwamba pa mutu.

"Wakonzeka, mwana wanga?"

"Ndakonzeka."

Atelala anathamanga pang'ono, n'kuiponya.

Ndege inakwera. Inakwerabe. Kamsomali anakankha kamtengo. Ndege inakhota. Inazungulira bwalo kamodzi. Inazungulira kawiri. Anthu anasiya kucheza. Onse anayang'ana kumwamba.

Kamsomali anamva galimoto ikuima kumbuyo kwake. Anamva chitseko chikutsekedwa. Sanacheuke. Woulutsa ndege sacheuka.

Kenako anamva phokoso lina laling'ono. Tswii. Tswii. Linali phokoso la mchira wa ndege ukugwedezeka. Munthu wina ankayesa ndege yake pansi.

Nthawi yomweyo ndege yofiira inanjenjemera.

Kamsomali anakoka kamtengo. Ndege sinamve. Anakokanso. Ndege sinamve. Inagadabuka. Inaloza mphuno pansi. Inatsika ikulira. Inamenya mpanda pafupi ndi mipando ya anthu.

Phwaa.

Kamsomali anacheuka.

Adokotala anaima pafupi ndi galimoto yawo. Rimoti inali m'manja mwawo. Pa eliyo panalibe chopanira. Kanyali kofiira kankayaka. Chala chawo chinadina batani. Kanyali kanazima.

Nambala seveni inali yawo masiku onse. Sanazolowere kuyang'ana pabolodi.

Atelala nawonso anacheuka. Nawonso anaona kanyali kaja.

"Agogo," anatero Kamsomali. "Adokotala anayatsa rimoti."

Anthu onse anatembenukira kwa Adokotala.

"Akuti chiyani mwanayu?" anafunsa Adokotala.

"Munayatsa. Ndaona kanyali kofiira. Chopanira chili ndi ine."

Anakweza eliyo kuti onse aone.

Adokotala anaseka. Mano awo anali oyera kwambiri.

"Madala, mdzukulu wanuyu amalota masana? Ine ndimangopukuta fumbi. Bolodi ilo ndinakhoma ndine. Lamulo ndinalemba ndine. Ndiliphwanye ine ndemwe?"

"Mwanayu sanama," anatero Agogo.

"Sindinati wanama. Wachita mantha. Vuto ndi chinthu icho. Munaiona kuti mbalame yopanda mchira? Chikanamuboola munthu diso."

Anthu anagwedeza mitu. Munthu wa galimoto akalankhula, anzake a magalimoto amamva msanga.

Agogo anatembenukira kwa Atelala.

"Atelala, inu munaona chiyani?"

Atelala anayang'ana nsapato zawo. Majasi oyera a kuchipatala cha Adokotala ankasoka ndi Atelalawo.

"Ine ndimayang'ana kumwamba, achimwene," anatero Atelala.

Adokotala anatenga pepala ndi cholembera. Analemba mizere iwiri.

ANA ASAULUTSE NDEGE PANO.
NDEGE ZOPANDA MCHIRA AYI.

"Ogwirizana nazo akweze manja."

Manja anakwera. Dzanja la Atelala linangofika paphewa. Koma analiwerenga.

Adokotala anakhoma pepalalo pabolodi.

"Bweza chopanira, mwana iwe."

Kamsomali anabweza chopanira.

Anatola zidutswa za ndege. Anatola nthiti. Anatola tizitseko. Anatola kainjini kodzaza dothi. Anaika zonse m'thumba.

Ulendo wobwerera unali wautali. Agogo anakhala pansi katatu.

Amayi anali patebulo, mapazi ali m'beseni la madzi.

"Yauluka?"

"Yauluka," anatero Kamsomali.

"Ili kuti?"

Kamsomali anaika thumba pansi. Amayi anasuzumiramo. Anapuma mpweya wautali.

"Ababa, ndinanena ine. Amenewa ndi masewera a anthu ena."

Agogo anakankhira thumba pansi pa bedi ndi phazi.

"Zatha," anatero. "Ndatopa."

Koma kwa Kamsomali zinali zisanathe.

"Agogo, tiyeni tikawapemphe Adokotala achotse pepala lija."

"Sachotsa."

"Mwina pali anthu ambiri anachita manyazi. Ali okha avomera."

"Anthu amenewo ndimawadziwa ine."

"Tiyeni basi, Agogo."

Lolemba anapita kuchipatala cha mano. Anakhala pabenchi. Anthu ogwira masaya analowa. Anthu oluma thonje anatuluka. Agogo anasinza. Anadzuka. Anasinzanso.

Adokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anavala jasi loyera.

"Madala. Dzino?"

"Mano ine anatha kale. Mwanayu ali ndi mawu."

Kamsomali anaimirira. Anagwira manja kumbuyo.

"Adokotala, chonde, mukachotse pepala lija. Ndege yanga sinalakwe. Ine sindinalakwe."

Adokotala anayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu wina. Kamsomali anadikira.

"Pepala lija ndi la gulu, mwana wanga. Si langa. Manja sunawaone?"

"Koma munayatsa."

Adokotala anapisa m'thumba la jasi. Anatulutsa mswachi watsopano.

"Iwala zimenezo. Nawu mswachi. Uzitsuka m'mano kawiri pa tsiku."

Analowa, n'kutseka chitseko.

Anauyamba ulendo wobwerera. Atafika pafupi ndi nyumba, Kamsomali anafunsa.

"Agogo, mwina ndinamata molakwa?"

"Sunamate molakwa."

"Mwina ndege yopanda mchira siulukadi bwino?"

"Kodi sinazungulire kawiri?"

"Kawiri n'kochepa."

Agogo anamuyang'ana.

M'mawa mwake Kamsomali anakwawira pansi pa bedi. Anakoka thumba lija. Anakhuthulira zonse patebulo.

"Ine usandifunse," anatero Agogo. Anatembenuza mpando, n'kuyang'ana kuwindo.

Kamsomali anatenga mswachi uja. Anatsukira kainjini. Dothi lonse linatuluka.

Anayala nthiti patebulo. Zisanu zinali zabwino. Zinayi zinali zothyoka. Anayamba kumata yoyamba.

"Osati choncho," anatero Agogo, asanacheuke n'komwe.

"Mwaona bwanji? Mwafulatira."

"Ndikumva fungo. Guluu wachuluka. Ndege ilemera. Bweretsa kuno."

Anadulanso. Anamatanso. Anadikiranso. Anapalanso ndi sandipepala. Nthawi ino panalibe woseka. Ankangogwira ntchito.

Matabwa opepuka anatha. Agogo anang'amba bokosi la wailesi yakale. Analipala mpaka linapyapyala.

Pepala lofiira linangokwana theka la phiko.

Tsiku lina Amayi anabwera ndi chidutswa cha pulasitiki. Chinali chotsala kufakitale. Chinali chotuwa ngati phulusa. Anachiika patebulo.

"Ndikufuna tebulo langa mwezi uno usanathe," anatero, n'kupita kukagona.

Mwezi usanathe, ndege inatha. Mbali ina inali yofiira. Mbali ina inali yotuwa. Inali ndi zigamba. Kamsomali anainyamula ndi zala ziwiri. Inakhala phee.

Loweruka anapita kubwalo. Kamsomali ananyamula ndege ndi rimoti. Agogo ananyamula bokosi la mafuta.

Adokotala anawapeza pachipata.

"Madala, simutha kuwerenga?"

"Sukulu sindinapite nayo patali," anatero Agogo. "Koma izi ndaziwerenga."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Muloleni aulutse kamodzi. Muone nokha."

"Lamulo ndi lamulo. Kuonerera ndiye sitiletsa."

Adokotala anatenga chopanira nambala seveni. Anachiika pa eliyo, anthu onse akuona. Anatseka chipata.

Atelala anali mkati. Anaweramira ndege yawo. Anakhala choweramira nthawi yaitali.

Kunja kwa mpanda kunali malo opanda kanthu. Kamsomali anaika ndege yake pansi.

"Agogo, tiulutsire pano. Kuno si kwawo. Aone onse."

Agogo anakhala pabokosi. Anasisita mawondo. Analoza kumwamba ndi mlomo.

Ndege yoyera inali itanyamuka. Inkazungulira monyada. Mchira wake unkanyezimira.

"Mpanda umaletsa anthu," anatero Agogo. "Suletsa mawu a rimoti. Ukayatsa, yawo igwa."

"Igwa ngati yanga?"

"Ngati yako."

Kamsomali anayang'ana rimoti yake. Chala chake chinali pa batani. Batanilo linali laling'ono. Linkangofuna kudina kamodzi.

Palibe akanadziwa. Akanamufunsa, akanati amapukuta fumbi.

Anayang'ana Agogo.

"Usandiyang'ane ine," anatero Agogo. "Ine ndakalamba ndi zambiri mumtimamu. Ukandifunsa ine, ndikuuza zoipa."

Kamsomali anayang'ananso kumwamba. Ndege yoyera inadutsa pamwamba pa mipando. Pamipandopo panali anthu. Mayi wina anali ndi khanda pamiyendo.

Chala chinakhalabe pa batani. Chinayamba kupweteka.

Kenako anatembenuza rimoti. Anatsegula kumbuyo kwake. Anatulutsa mabatire onse. Anawapereka kwa Agogo.

"Sungani m'thumba mwanu."

"Bwanji?"

"Chopanira chili ndi iwo."

Agogo analandira mabatire. Anawayang'ana nthawi yaitali. Anawaika m'thumba la malaya.

"Agogo, tipite kutali bwanji kuti rimoti yathu isafike kuno?"

"Kutali."

"Kutali bwanji?"

"Mpaka chumuni cha fakitale chioneke ngati chala."

"Mawondo anu afika?"

"Sindinawafunse. Ndidzutse."

Anayamba kuyenda. Anadutsa pachipata cha fakitale. Belu linalira. Loweruka anthu ankaweruka masana. Amayi anatuluka pakati pa anzawo, ulusi uli m'tsitsi.

"Mukupita kuti ndi chimenecho?"

"Kutali," anatero Kamsomali.

"Kubwalo akukanizani?"

"Atikaniza."

Amayi anayang'ana njira ya kunyumba. Anayang'ana mapazi awo. Anayang'ana Agogo, amene ankapuma movutika.

"Ababa, bweretsani bokosilo. Mugwa nalo."

Anayenda atatu. Anadutsa njanji. Anadutsa malo otayako zinyalala. Agogo anakhala pansi. Kamsomali anacheuka.

"Chumuni chikuoneka ngati mtengo."

"Tiyeni," anatero Agogo.

Anadutsa nyumba zosatha kumanga. Anadutsa mlatho wawung'ono. Agogo anakhalanso pansi. Kamsomali anacheuka.

"Chikuoneka ngati mkono."

"Ana a masiku ano," anatero Amayi. "Ukanapempha chidole ngati anzako."

"Tiyeni," anatero Agogo.

Anayendabe. Ndege inayamba kulemera. Rimoti inayamba kulemera. Mphepo inkakankha phiko. Kamsomali anasintha dzanja. Anasinthanso.

Anafika pamalo amene kale ankaumbirapo njerwa. Panali potakata. Udzu unali wautali. Panalibe mpanda. Panalibe bolodi. Panalibe munthu.

Kamsomali anacheuka. Anaimika chala chake.

"Agogo, chafanana."

Agogo anatulutsa mabatire. Kamsomali anawabwezera mu rimoti. Anatambasula eliyo. Anayatsa.

Agogo anathira mafuta. Anapukusa chikupizo. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kainjini kanali chete. Kachinayi. Kachisanu. Kanali chete.

"Tayenda ulendo wonsewu kudzaonera Ababa akupukusa kamtengo?" anafunsa Amayi.

"Khala chete, ukukachititsa manyazi."

Anapukusanso. Kainjini kanatsokomola. Anapukusanso. Kanalira, ng'weee.

"Aponye ndani?" anafunsa Kamsomali. "Atelala kulibe."

Agogo anayang'ana Amayi.

"Ine? Ine ndimasoka matumba."

"Igwire pansi apa. Chikupizo chikhale kutali ndi nkhope. Thamanga pang'ono. Uiponye molunjika, moyang'ana mphepo."

"Ikagwa musandinene."

Amayi anavula nsapato. Ananyamula ndege pamwamba pa mutu. Anathamanga ndi mapazi otopa aja. Anaiponya.

Ndege inatsika. Mimba yake inakhudza nsonga za udzu. Kamsomali anakoka kamtengo pang'ono. Ndege inamva. Inakwera.

Inakwerabe. Inakhota. Mbali yofiira inaonekera. Inakhotanso. Mbali yotuwa inaonekera.

Agogo anatchinga dzuwa ndi dzanja. Anafufuza kumwamba konse.

"Ili kuti? Sindikuiona."

"Ili pamwamba pa mtengo uwo, Agogo. Ikukhotera kumanzere."

"Uzindiuza."

"Yazungulira kamodzi. Ikubwera. Ikudutsa pamutu panu."

"Ndikuimva."

"Kawiri."

"Werengabe."

"Katatu, Agogo."

Agogo anatsinzina. Anapendeka mutu, khutu likutsata kainjini.

"Kanayi. Kasanu."

Amayi anaima manja ali m'chiuno. Pakamwa panali yasa.

"Chinthu chija chinali patebulo langa?"

"Chomwecho, Amayi. Kasanu ndi kamodzi."

Ndege inazungulira kakhumi. Kenako mafuta anatha. Kainjini kanasiya kulira. Kunangomveka mphepo.

"Yazima, Agogo."

"Usachite mantha. Mphuno itsike pang'ono. Osakoka msanga."

Ndege inatsika mwakachetechete. Inatsika. Inatsikabe.

"Tsopano koka."

Kamsomali anakoka. Ndege inatsetsereka pa udzu, swaa. Inaima.

Kamsomali anazimitsa rimoti. Anathamanga. Anainyamula. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Sinathyoke. Ngakhale nthiti imodzi."

Amayi anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Koma ndimaponya bwino ine."

"Unatsala pang'ono kulima nayo," anatero Agogo.

"Ababa, inu simunaone n'komwe."

M'chikwama cha Amayi munali buledi. Anamugawa patatu. Anadya atakhala pa mulu wa njerwa zakale. Ndege inali pamiyendo ya Kamsomali. Kainjini kanali kakadali kofunda.

"Agogo, palibe waona."

"Amayi ako aona. Ine ndamva."

"Ndikawauza kubwalo, akhulupirira?"

Agogo anatafuna buledi pang'onopang'ono.

"Ayi," anatero.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Agogo anagwira phewa la Amayi. Kamsomali anali patsogolo ndi ndege yake. Anadutsa mlatho. Anadutsa njanji. Anafika pabwalo paja. Magalimoto anali atapita. Chipata chinali chokhoma.

Kamsomali anaima pang'ono. Kenako anapitiriza ulendo.

Papita chaka tsopano. Loweruka likafika, atatuwa amayenda ulendo wautali uja. Mawondo a Agogo akakana, amapita awiri.

Adokotala akadali apampando a gulu. Sanavomere kuti anayatsa rimoti. Atelala sananene zimene anaona. Pepala lija likadali pabolodi.